Kubwezeretsa kompyuta ya injini momwe inachokera kufakitale: ntchito ya galaji ina ya ku Johannesburg

M'dera la mafakitale kum'mawa kwa Johannesburg muli galaji ina imene ntchito yake yaikulu ndi kuchuna makompyuta a injini kuti magalimoto a turbo akhale ndi mphamvu zoposa zimene anabwera nazo. Pamndandanda wa ntchito zawo pali ina imene makasitomala ambiri amaifunsa motsitsa mawu, yomwe ndi kubwezeretsa kompyutayo momwe inachokera kufakitale galimoto isanapite kwa dila kukakonzedwa pa waranti. Ndinapititsako galimoto yanga kuti aichite zimenezi, ndipo ndinachokako ndi maganizo awiri osiyana kwambiri. Ntchito yeniyeniyo inagwiridwa mosamala moti sindingazengereze kuwapatsanso galimoto, koma zimene kasitomala amauzidwa pakauntala, zoti akatero dila sadzadziwa kuti galimotoyo inachunidwapo, si zoona, ndipo munthu amene angatulutse ndalama chifukwa cha lonjezo limeneli akulipira chinthu chimene galajiyi singathe kumupatsa.

Kompyuta ya injini, imene amakaniko amaitchula kuti ECU, ndi kabokosi kachitsulo kolumikizidwa ndi mawaya ambirimbiri, ndipo kawirikawiri kamakhala pansi pa boneti. M'kati mwake muli pulogalamu ndi matebulo a manambala amene amalamula kuchuluka kwa petulo wolowa m'silinda iliyonse, nthawi imene pulagi iyenera kuthetheka, ndiponso kuchuluka kwa mpweya umene turbo ikankhire mu injini. Makompyuta ambiri a magalimoto a ku Ulaya amachokera kumakampani ochepa, makamaka Bosch ndi Continental, n'chifukwa chake zida zochunira monga KESS ya kampani ya Alientech ya ku Italy zimagwira pa magalimoto a mitundu yambiri. Opanga galimoto amasiya dala mpata pakati pa zimene injini ingathe ndi zimene amailola kuchita, popeza galimoto yomweyo iyenera kuyenda m'chisanu cha ku Norway komanso m'kutentha kwa ku Upington ku South Africa kuno, pa petulo wabwino ndi wokayikitsa yemwe, n'kufika kumapeto kwa waranti isanawonongeke. Wochuna amalowa mumpata umenewu. Zimene amati Stage 1 ndi kusintha manambala okha, pamene Stage 2 imafuna kusinthanso zitsulo zina, monga paipi ya utsi yochokera ku turbo ndi chipangizo choziziritsira mpweya wopita mu injini.

Kuno ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, kuchuna kumalemetsa turbo kuposa kunyanja. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya ndi wopepuka, choncho turbo imayenera kuzungulira mofulumira kwambiri kuti ifikitse mpweya umene kompyuta yapempha, ngakhale pa galimoto yosachunidwa. Mukawonjezera zimene kompyuta ikupempha, turbo ya kuno imagwira ntchito yolemera kuposa ya galimoto yofanana nayo imene ikuyenda ku Durban.

Galimoto yanga ndi ya petulo, ya injini ya malita awiri, ndipo ili ndi giyabokosi ya otomatiki. Ndinaigula kwa mwini wake woyamba waranti ya fakitale isanathe, ndipo iye anandiuza mosabisa kuti anaichunitsa Stage 1 pa galaji imeneyi, injini pamodzi ndi giyabokosi. Patapita nthawi panabuka mavuto awiri osagwirizana. Makina oziziritsa m'galimoto anasiya kutulutsa mpweya wozizira, ndipo pokwera zitunda za mumsewu wa N3 galimotoyo inayamba kufooka mwadzidzidzi, nyali ya injini n'kuyaka pa dashibodi. Ndinali ndi zifukwa zanga zofunira pulogalamu ya fakitale ndisanapite kwa dila. Makina oyezera a dila amayerekezera zimene injini ikuchita ndi manambala a fakitale, kotero kuti akayeza galimoto yochunidwa, zotsatira zake zimasocheretsa amakaniko. Dila angathenso kulemba pulogalamu yatsopano ya fakitale pamwamba pa yochunidwayo, ndipo ndinkafuna kuti zimenezi zichitikire pa kompyuta imene ili m'malo mwake. Chifukwa china chinali ulendo wa kumudzi wa mwezi wa December kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, pomwe simungasankhe petulo wa mlingo wa okiteni 95 amene pulogalamu yochunidwa inalembedwera.

Amene anandilandira ndi bambo wa pakauntala, waulemu wake, wolankhula mofulumira. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza, iye anali atandiuza kale kuti magalimoto ambiri apita kwa dila kuchokera pagalajipo osagwidwa, ndiponso kuti ndikawonjezera ndalama pang'ono akonza kawerengero kam'kati mwa kompyuta kuti pasaoneke chizindikiro chilichonse. Sanandifunse vuto la galimoto. Zimenezi zinandidetsa nkhawa, chifukwa munthu amene ayamba ndi kukuphunzitsani kubisa asanafunse chimene chawonongeka akusonyeza kuti makasitomala ake ambiri amabwera ndi cholinga chimodzi, ndipo iye anazolowera kugulitsa cholinga chimenecho. Ndinakana ntchito yowonjezerayo, ndipo sanandikakamize.

Kuseri kwa kauntala zinthu zinali zina. Katswiri wa makompyuta, munthu wosalankhulalankhula, anayamba ndi kutsegula boneti n'kuyendera ndi tochi mapaipi onse a mpweya, kenako anakweza galimoto kuti aone paipi ya utsi. Ankafuna kutsimikiza kuti mwini wake woyamba sanachotse sefa yoyeretsera utsi, chifukwa pulogalamu ya fakitale ikabwerera pa galimoto yopanda sefa imeneyi, nyali ya injini imayaka ndi khodi ya P0420, ndipo mwini galimoto amaganiza kuti galaji yamuwonongera zinthu. Ataona kuti zitsulo zonse n'zafakitale, anabaya chingwe m'soketi ya OBD, ija ya timabowo 16 imene imakhala pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga zolakwika zonse zimene kompyuta inasunga. Munali khodi ya P0299, imene imatanthauza kuti turbo sikufikitsa mpweya umene wapemphedwa, pamodzi ndi manambala a panthawi imene vutolo linachitika: liwiro la galimoto, mazungulira a injini ndi kutentha kwa madzi. Zonsezi anazisindikiza papepala n'kundipatsa, n'kundifotokozera kuti kulemba pulogalamu kufufuta zolakwikazo, ndipo makaniko wa kwa dila adzazifuna kuti asayambire pachabe. Pepala limeneli linandisonyeza kuti katswiriyu akuganiza zokonzetsa galimoto, pamene mnzake wa pakauntala ankaganiza zoibisa.

Chinthu chachiwiri chimene ndinayamikira chinali nkhani ya fayilo yoyambirira, ndipo apa m'pamene magalaji ambiri amapereŵera. Pa makompyuta ena chida chochunira chimawerengadi zimene zili m'kati n'kuzisunga. Pa ena ambiri sichingathe kuwerenga kudzera m'soketi ya OBD, choncho chimangotenga nambala ya pulogalamu n'kukatsitsa pa intaneti fayilo yofanana nayo kuchokera kwa opanga chidacho. Njira yachiwiriyi si yoipa, koma imadalira kuti nambala zigwirizane ndendende, popeza galimoto za mtundu umodzi ndi chaka chimodzi zimatha kukhala ndi mapulogalamu osiyana malinga ndi msika umene zinapangidwira komanso zosintha zimene fakitale inatulutsa pambuyo pake. Katswiriyu anatsegula foda yolembedwa nambala ya VIN ya galimoto yanga, ija ya chasisi imene imasiyanitsa galimoto iliyonse ndi zinzake, n'kundionetsa fayilo imene inasungidwa tsiku limene galimotoyo inachunidwa, ndipo asanakhudze chilichonse anaika nambala ya pulogalamu ya m'fayiloyo pambali pa imene kompyuta inkaonetsa kuti ndione ndekha kuti zikufanana. Anachita chimodzimodzi ndi fayilo ya giyabokosi. Anthu ambiri amaiwala kuti giyabokosi ili ndi kompyuta yakeyake, ndipo amabwezeretsa ya injini yokha n'kusiya inayo ikusintha magiya motsatira manambala a wochuna.

Kulemba pulogalamuko kunandichititsa mantha ngakhale ndinkangoonerera. Aliyense amene anapititsapo foni kwa anyamata a mumsika wa Limbe kuti akaifulashe akudziwa kuti magetsi akaduka ntchitoyo ili pakati, foniyo siyakanso, ndipo zimakhala chimodzimodzi ndi kompyuta ya injini, kungoti mtengo wake ndi wina. N'chifukwa chake asanayambe analumikiza ku batire makina aakulu osunga magetsi pamlingo umodzi, osati tchaja wamba, ndipo laputopu anaiika pa batire lake lodzaza kuti kuzima kwa magetsi kusaisokoneze. Mnyamata wothandizira, yemwe ndinamuzindikira ndi kalankhulidwe kuti ndi wa ku Mangochi, anazimitsa nyali, wailesi ndi fani ya m'kati, kenako anandiuza kuti, "Achimwene, muime cha uko, ndipo musakhudze chitseko kapena kiyi mpaka abwanawa atanena." Katswiri atadina batani, nyali zonse za pa dashibodi zinayaka nthawi imodzi, mauthenga a zolakwika anayamba kusinthanasinthana, ndipo mafani a rediyeta anazungulira mwamphamvu ngakhale injini inali yozimitsa. Anandiuza kuti zimenezi n'zachizolowezi, chifukwa makompyuta ena a m'galimoto akasiya kumva ya injini amachita zodzitetezera. Kamzere ka pa laputopu kanayenda pang'onopang'ono, kanaima kanthawi chakumapeto, kenako kanamaliza. Panthawi yonseyi palibe amene analankhula kapena kuyankha foni, ndipo ndinaona kuti ndi mwambo wa pagalajipo, osati zoonetsera ine.

Atamaliza sanangondipatsa kiyi. Anafufuta zolakwika zimene zinabwera chifukwa cha kulembako, analola giyabokosi kuphunziranso malo a makilachi ake, kenako tinayenda limodzi mumsewu laputopu ili pamiyendo pake ikujambula mpweya wopemphedwa ndi mpweya weniweni. Pa pulogalamu ya fakitale mizere iwiriyi inkayandikana kwambiri kuposa kale, komabe pokwera chitunda wa mpweya weniweni unkatsalira, ndipo iye ananena mosapita m'mbali kuti vutolo silinathe koma langochepa, ndipo akuganizira kachipangizo kamagetsi kamene kamatsegula ndi kutseka chitseko cha utsi pa turbo. Munthu wina akanatha kundiuza kuti galimoto yachira, ine n'kukhulupirira, popeza nyali sinayakenso tsiku limenelo.

Ndinamufunsa katswiriyu ngati zimene ndinauzidwa pakauntala n'zoona. Anakhala chete pang'ono, kenako anati palibe wochuna amene angalumbire zimenezo, ndipo zimene anandifotokozera zikugwirizana ndi zimene zimadziwika bwino pa nkhaniyi. Kompyuta iliyonse ya masiku ano imatha kutulutsa nambala yotchedwa CVN, imene imawerengedwa kuchokera ku zimene zili mu pulogalamu, ndipo nambala imeneyi imabwereradi m'malo mwake fayilo yoyenera ikabwezeretsedwa. Koma makompyuta ambiri amawerenganso kuti alembedwa kangati, ndipo ena amasunga tsiku ndi chizindikiro cha chida chimene chinalemba. Fakitale ili ndi kaundula wake wa nthawi zonse zimene madila ake analemba pulogalamu pa galimoto imeneyo, choncho manambala awiriwa akasiyana, funso limabuka lokha. Kompyuta imaonetsanso mtunda umene galimoto yayenda chifufutireni zolakwika, ndipo mayeso ake a utsi amakhala asanamalizike kwa kanthawi. Pamene wochuna anachita kutsegula kabokosiko kuti alumikize mawaya m'kati, guluu wa fakitale amakhala atadulidwa, ndipo zimenezi zimaoneka ndi maso.

Chofunika kwambiri n'chakuti masiku ano chigamulo sichikhala m'manja mwa makaniko amene mungamunyengerere. Pa magalimoto a Volkswagen ndi Audi, makina oyezera a ODIS akalumikizidwa pa intaneti amatumiza zimene apeza ku likulu, ndipo pulogalamu ikapezeka kuti inasinthidwa, galimotoyo imaikidwa chizindikiro chotchedwa TD1 chimene chimatsatira nambala ya VIN kwa dila aliyense. A BMW nawo amatumiza ku likulu lawo zimene makina awo a ISTA awerenga. Ngati galimoto inapitako kwa dila ngakhale kamodzi ili yochunidwa, mwina kukangosintha oyilo, n'kutheka kuti chizindikirocho chinaikidwa kale, ndipo palibe fayilo imene ingachifufute, popeza sichikhala m'galimoto. Komanso pamene pempho la waranti ndi la ndalama zambiri, monga injini yonse kapena giyabokosi, opanga galimoto amafufuza mozama kuposa pamene mukusinthitsa kachipangizo kakang'ono. Munthu amene akufunitsitsa kubisa ndi amene injini yake yafa, ndipo ndi yemweyo amene galimoto yake idzafufuzidwe kwambiri.

Palinso mbali ina imene bambo wa pakauntala sanaitchule n'komwe. Kubwezeretsa pulogalamu ya fakitale si kulakwa, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wochita zimenezo nthawi ina iliyonse. Koma kusintha kawerengero ka m'kompyuta n'cholinga choti kampani ilipire chinthu chimene sikanalipira ikanadziwa zoona, kapena kuyankha kuti ayi mutafunsidwa ngati galimoto inachunidwapo, ndi chinyengo, ndipo ku South Africa chinyengo ndi mlandu. Amene amasaina pepala la kwa dila ndi mwini galimoto, osati galaji imene inamulimbikitsa. Kwa ife amene tikukhala m'dziko muno ndi ziphaso zoyenera kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi, kudziika pangozi yotere chifukwa cha mtengo wa turbo n'kosapindulitsa, ndipo ndinakhumudwa kuona kuti galaji yaluso chotere ikugulitsa ntchito imeneyi ngati yosaopsa.

Anthu ambiri sadziwa kuti kunena zoona sikutanthauza kutaya waranti yonse. M'magulu a okonda magalimoto mumamveka kawirikawiri dzina la Magnuson-Moss Warranty Act, koma limeneli ndi lamulo la ku America la m'chaka cha 1975 ndipo siligwira ntchito kuno. Zimene zikutikhudza ndi malangizo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, okhudza kukonza magalimoto ndi zipangizo zake, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 July 2021. Malangizowa amalola mwini galimoto kukonzetsa galimoto ya pa waranti kumagalaji oima paokha ndi kuikamo zipangizo zosachokera kwa dila, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti ngati chinachake chawonongeka chifukwa cha ntchito yotere, gawo lokhudzidwalo ndi limene lingachoke pa waranti, magawo ena n'kukhalabe. Ndi malangizo, si lamulo lodutsa ku nyumba ya malamulo, ndipo analembedwa poganizira kukonza ndi zipangizo, osati kuwonjezera mphamvu za injini, choncho wochunitsa asawadalire ngati chishango cha injini yake. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008, m'gawo 56, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika kwa wamalonda amene anamugulitsa, koma gawo lomwelo limapatula katundu amene anasinthidwa atachoka m'manja mwa wopanga kapena wogulitsa. Mkangano ukakula, bungwe la Motor Industry Ombudsman of South Africa ku Pretoria limamva madandaulo otere. Zimene munthu akuika pachiswe si zazing'ono, popeza Volkswagen imapereka waranti ya zaka 3 kapena makilomita 120,000, pamene Motorplan ya BMW ndi Freeway Plan ya Audi, zomwe ndi ndondomeko zolipirira kukonza galimoto, ndi za zaka 5 kapena makilomita 100,000.

Kwa dila ndinafotokoza zonse: kuti galimotoyo inachunidwa ndi mwini wake woyamba, kuti tsopano ili pa pulogalamu ya fakitale, ndipo ndinapereka pepala la zolakwika lija. Mayi amene amalandira magalimoto analemba zimenezi pa khadi la ntchito popanda kudabwa, zomwe zinandiuza kuti sanali kuzimva koyamba. Kompuresa ya makina oziziritsa inasinthidwa pa waranti pempho litavomerezedwa, chifukwa palibe njira yogwirizanitsira kufa kwake ndi manambala a injini. Pempho la turbo linakanidwa, ndipo ndinauzidwa kuti injini, turbo ndi giyabokosi sizilinso pa waranti. Ndikanakonda akanandionetsa umboni woti kuchunako n'kumene kunawononga kachipangizoko, popeza tizipangizo totere timafanso pa magalimoto osachunidwa, koma sindinganene kuti chigamulocho n'chopanda chilungamo pa turbo imene inagwira ntchito yoposa imene opanga anaivomereza. Makaniko wa kumeneko anapeza vuto lomwelo limene katswiri uja analiganizira, ndipo analipeza msanga chifukwa ankayeza injini imene manambala ake akugwirizana ndi a m'makina ake. Phindu lenileni la ntchito imene ndinalipira linaonekera pamenepa.

Mtengo wake ndinauona kuti ndi woyenera. Unali gawo lochepa la ndalama zimene amalipiritsa pochuna, ndipo unaphatikizapo makompyuta onse awiri, kuwerenga zolakwika ndi kuyesa galimoto mumsewu. Amasunga fayilo yochunidwayo ndipo amaibwezeretsa pamtengo wotsika kwa amene angaifunenso, zomwe n'zabwino kwa ena, ngakhale kuti kulemba kulikonse kumawonjezera kawerengero kaja ndipo kuli ndi ngozi yake. Nthawi sanaisunge bwino: ndinauzidwa kufika m'mawa, koma galimoto inalowa dzuwa litakwera, ndipo malo odikirira ndi benchi ya pafupi ndi makina oyezera mphamvu, pomwe phokoso la injini silikulolani kumva ngakhale foni.

Cholakwika chachikulu kuposa kuchedwako chinali lisiti. Poyamba analembapo mawu amodzi okha osonyeza kuti agwira ntchito ya pulogalamu, popanda kunena kuti ndi ntchito yanji, pa kompyuta iti, kapena nambala ya pulogalamu imene yalembedwa. Ndikuganiza kuti amachita dala zimenezi pofuna kusangalatsa makasitomala osafuna kusiya mapazi, koma kwa munthu amene akufuna kuyenda poyera, lisiti yotere ilibe ntchito. Ine ndinkafuna umboni wa tsiku limene galimoto inabwerera pa pulogalamu ya fakitale, woti ndionetse a inshuwalansi, amene amafuna kuuzidwa za kusintha kulikonse kokhudza mphamvu za galimoto, komanso aliyense amene angadzagule galimotoyi m'tsogolo. Nditapempha, katswiri uja analemba zonse bwinobwino, nambala ya VIN, makilomita ndi nambala za mapulogalamu awiriwo, koma kasitomala sayenera kuchita kupempha chinthu chotere.

Pa pulogalamu ya fakitale galimotoyi ndi yofatsa. Siikankhanso msana ngati kale mukaponda mafuta pa giya yachitatu, ndipo podutsa malole mumafunika mtunda wochulukirapo, koma imanyamuka mosalala m'misewu yodzaza ya m'tauni, ndipo magiya salowanso mwankhanza. Kachipangizo ka turbo ndinakasinthitsa ndi ndalama zanga pa galaji ina yoima payokha, ndipo nyali ya injini sinayakenso.

Mfundo imodzi ikukhudza makamaka anzathu amene amagula magalimoto kuno n'kupita nawo kumudzi. Ndinapempha kuti andikopere fayilo yoyambirira pa fulashi kuti ndiisunge ndekha, ndipo anavomera, koma anandichenjeza kuti chida chawo chimatseka mafayilo mwachinsinsi moti sangatsegulidwe ndi chida cha munthu wina. Zimenezi n'zofala m'ntchito imeneyi, chifukwa magalaji ambiri amagwiritsa ntchito zida zomangiriridwa kwa katswiri mmodzi wamkulu amene amawakonzera mafayilo. Zotsatira zake n'zakuti mwini galimoto yochunidwa amakhala womangika ku galaji imene inaichuna, ndipo galajiyo ikatsekedwa, kapena galimoto ikawoloka malire, njira yobwerera imavuta. Ku Malawi magalimoto ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, opanda waranti iliyonse, choncho nkhani ya dila sikhalapo, koma nkhani ya mafuta ilipo, popeza petulo wa kumeneko ndi wosakaniza ndi ethanol ndipo ndi wa mtundu umodzi pa pampu. Amene akugula galimoto ya turbo ku Gauteng kuti akaiyendetse ku Blantyre kapena ku Lilongwe afunse wogulitsa ngati inachunidwapo komanso kuti inachunidwira kuti, ndipo aibwezeretse asanawoloke pa Beitbridge. Akapanda kutero fayilo yake idzatsala mu laputopu ya ku Johannesburg, ndipo makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi, ngakhale atakhala waluso chotani, adzakhala akufunafuna vuto poyerekezera injiniyo ndi manambala a fakitale amene mulibemo.